Mkonzi wakhalira nkhani yanga, ndiyike pa bulogu?

Tiyamike:
Moni nonse. Ndili ndi funso ndipo ndikupempha maganizo enieni, osati ongondisangalatsa. Kwa miyezi itatu ndakhala ndikufufuza kampani ina yomwe imadula ndalama za penshoni pa malipiro a antchito ake koma osazipititsa kumene zimayenera kupita. Ndili ndi mapepala a malipiro a anthu 7, ndili ndi kalata yomwe antchitowo analembera mabwana awo, ndinajambulanso mawu a anthu anayi pa foni, mmodzi ndi mayi woti wagwira pamenepo zaka 14 koma atakafunsa anapeza kuti mu akaunti mwake munalowa za miyezi 8 yokha basi. Nkhani ndinalemba nkupereka Lachiwiri, Lachinayi mkonzi anandiyitana mu ofesi mwake nkutseka chitseko nkundiuza kuti "tiyimitse kaye". Aliyense kuntchito kwathu akudziwa kuti kampaniyo imagula tsamba lathunthu la malonda sabata iliyonse. Pano papita masabata atatu kuli zii. Ndiye ndili ndi kabulogu komwe ndinatsegula ndili ku koleji, ndimangoikapo tinkhani ta apo ndi apo, owerenga sakwana ndi 200 omwe. Ndiyike pamenepo? Amene munadutsamo mu zoterezi ndithandizeni chonde, masiku ano sindikuona tulo.

Kondwani:
Achemwali ikani, olo usiku uno ikani. Mabulogu anabwerera zimenezi zomwezi. Mu January 1998 magazini ya Newsweek inali ndi nkhani ya Bill Clinton ndi Monica Lewinsky, mtolankhani wawo Michael Isikoff anali ataifufuza koma akuluakulu anaigwira kaye osatulutsa, ndiye Matt Drudge ali yekha ndi kompyuta yake anangolemba pa tsamba lake la pa intaneti la Drudge Report kuti Newsweek yakhalira nkhani yakutiyakuti, patangopita masiku owerengeka nyuzipepa zonse zinali pa nkhani imeneyo. Kale mkonzi akatseka chitseko nkhani inkafera momwemo, pano ayi. Ntchito ya miyezi itatu isaole mu dirowa chifukwa cha tsamba la malonda.

A Chisale:
Tiyamike mwana wanga, ine ndinakhala pa desiki ya ukonzi zaka zoposa 20 ndisanapume, ndipo mawu akuti "tiyimitse kaye" ndinawanenapo kambiri, nthawi zina chifukwa nkhani inali ndi mabowo, nthawi zina, sindibisa, chifukwa foni inalira kuchokera ku ofesi ya malonda ndipo mpaka lero zina zimandiwawa. Ndiye ndisanakuuze kuti ika kapena usaike, tandiyankha izi. Kampaniyo unaifunsa? Unaifunsa bwanji, pa foni kapena molemba? Mapepala a malipirowo unawagwira enieni kapena ndi zithunzi zimene anakutumizira pa WhatsApp? Nanga kumene penshoniyo imayenera kupita unakafikako, anakuuza chani?

Tiyamike:
Zikomo a Chisale. Mneneri wa kampaniyo ndinamuimbira kawiri, anati atumiza yankho pa imelo, mpaka pano sanatumize. Mapepala a anthu atatu ndinawagwira ndi manja anga, a anthu anayi ndi zithunzi. A penshoni anakana kulankhula nane ati za kasitomala sauza munthu wina, koma mayi uja anandionetsa sitetimenti yawo.

A Chisale:
Ndiye nkhani yako ndi yabwino koma sinapse. Sitetimenti imodzi ikunena za munthu mmodzi, pomwe iwe ukufuna kuuza dziko kuti kampani ikudya thukuta la antchito onse. Ndi zithunzi zinayizo ine mtima sungakhale pansi, pepala la malipiro aliyense wodziwa kompyuta atha kulipanga mu mphindi khumi, ndipo munthu amene anachoka pa ntchito atakwiya amatha kuchita zimenezo. Sindikuti akunamiza, ndikuti sunatsimikize. Kuti mkonzi wako waopa otsatsa malonda ndikukhulupirira, koma iye kukhala wamantha sindiye kuti nkhani yako yakhwima, zonse ziwiri zitha kukhala zoona.

Limbani:
Komatu abale tikukamba za bulogu chaka chino? Ndani amatsegula bulogu masiku ano? Anthu ali pa TikTok, pa Facebook, pa WhatsApp. Achemwali mukaika pa kabulogu ka owerenga 200 muchotsedwa ntchito chifukwa cha nkhani yoti palibe amene waiwerenga, kuluza kawiri kumeneko. Ngati mwatsimikiza kuitulutsa jambulani kavidiyo ka mphindi ziwiri mayi uja akulankhula yekha, kameneko ndiye kangayende.

Yamikani:
Pepani akuluakulu ndilowepo, ine ndili chaka choyamba cha utolankhani. Bulogu ikusiyana pati ndi kungolemba positi yaitali pa Facebook? Ndimaona ngati ndi chimodzimodzi.

Kondwani:
Yamikani, bulogu ndi tsamba lakolako pa intaneti pomwe zolemba zako zimasanjikizana yatsopano pamwamba, iliyonse ili ndi tsiku lake ndi linki yakeyake yoti munthu atha kuipeza pa Google olo patapita zaka khumi. Dzinali analiyambitsa ndi Jorn Barger mu 1997, ankati weblog, mu 1999 Peter Merholz analidula nkukhala blog, chaka chomwecho kunabwera Blogger yomwe Google inadzagula mu 2003, ndipo 2003 yomweyo Matt Mullenweg ndi Mike Little anayambitsa WordPress. Zimenezi zisanabwere kuti mawu ako afike kwa anthu ambiri unkafunika makina osindikizira kapena wayilesi, kutanthauza kuti unkafunika chilolezo cha mwini zinthuzo. Positi ya pa Facebook mawa lake imakhala itamira kale pansi pa zithunzi za anthu, uyese kusaka imene unalemba zaka zitatu zapitazo uone.

Mphatso:
A Limbani ine ndakhala ndi bulogu zaka 6 ndiye ndikuyankheni. Zoona anthu sabwera okha, amabwera kudzera pa linki imene waponya pa Facebook kapena pa WhatsApp, zimenezo sindikana. Koma pa Facebook ndiwe wa lendi, mwini nyumba akafuna amasintha loko osakufunsa. January 2018 Mark Zuckerberg analengeza kuti aziika patsogolo zolemba za abale ndi anzako kuposa za masamba a nkhani, amene anamanga zonse pamenepo anangoona owerenga akutsika asanalakwe kanthu. Ku Canada kuyambira August 2023 Meta, kampani ya Zuckerberg, inatsekeratu nkhani pa Facebook ndi Instagram chifukwa cha lamulo loti izilipira makampani a nkhani. Ndipo musaganize kuti tsamba la kampani imene mukugwirako ndiye lotetezeka, November 2017 mwini wa masamba a nkhani a DNAinfo ndi Gothamist ku America anawatseka tsiku limodzi patangopita sabata antchito atavota zolowa yuniyoni, atolankhani anangodzidzimuka nkhani zawo zonse za zaka zambiri sizikutsegukanso, zinachita kubwerera pambuyo pake anthu atadandaula. Tangoganizani ukufuna ntchito kwina ndipo ulibe choonetsa. Ine chilichonse chimene ndinalemba chili pa domeni yanga, kutanthauza adiresi yangayanga ya pa intaneti, kope lina lili pa hadi diraivi. Komanso nkhani ngati ya Tiyamike singakwane mu kavidiyo, ikufuna malo oti uike mapepala, uike masiku, uike yankho la kampani lonse osadula, munthu akafuna kukutsutsa atsutse zimene akuziona ndi maso.

Anaphiri:
A Limbani pepani koma za vidiyozo ayi. Mayiyo akadali pa ntchito pomwepo eti Tiyamike? Nkhope yake ikangooneka mmawa mwake akampatsa kalata. Ndipo ngakhale pa bulogu pomwepo, a Mphatso mwati aike mapepala anthu adzionere okha, chabwino, koma pepala la malipiro lili ndi nambala ya wantchito, lili ndi dipatimenti, lili ndi ndalama yeniyeni imene munthu amalandira, olo mufufute dzina a ku akaunti amuzindikira mu mphindi imodzi. Chithunzi cha pa foni nachonso chimasunga mkati mwake tsiku, mtundu wa foni, nthawi zina ndi malo amene chinajambulidwira. Kumbukirani za Reality Winner mu 2017, anatumiza chikalata chachinsinsi cha NSA, bungwe la ukazitape la boma la America, ku tsamba la nkhani la The Intercept, atolankhani pofuna kutsimikiza anaonetsa a boma kope lake, a boma ataona kuti pepalalo linali lopindidwa anadziwa kuti wina anachita kulipulinta nkulinyamula pamanja, anayang'ana amene anapulinta nkumupeza, anagamulidwa zaka 5 ndi miyezi itatu. Kumeneko kunali akonzi ndi maloya koma munthu anagwidwabe. Nanga iwe uli wekha ndi laputopu pakati pa usiku?

Tiyamike:
Mayo, za manambala a antchitozo sindinaziganize nkomwe, ndinali nditakonza kale zithunzi nditangophimba mayina okha. Inde akadali pa ntchito, iwo ndi ena anayi. Zikomo Anaphiri, wakutsina khutu ndi mnansi.

Mphatso:
Ine bulogu ndimaikonda, mwaona mmene ndaikhalira kumbuyo, koma ndikuuzeni chimene chinandichitikira chaka changa chachiwiri kuti muone kumene a Chisale akuloza. Ndinapeza lipoti la owerengera ndalama la bungwe lina losonyeza kuti ndalama zinasowa, lipoti lenileni losapeka, ndipo pa tsamba lachiwiri panali mayina a komiti ndi maudindo awo. Ndinalemba cha m'ma 11 usiku, dzina la msungichuma ndinaliika mu ndime yoyamba, nkudina batani nkukagona mtima uli mbee kuti ndagwira ntchito. Mawa lake cha m'ma 4 madzulo foni inalira, mawu a mtsikana, anangoti "ndinu amene mwalemba za bambo anga?" Bambowo anali atatula pansi udindo zaka ziwiri ndalamazo zisanasowe, a bungwewo anangoiwala kusintha tsamba la mayina basi. Mtsikanayo sanatukwane, anangoti anzake a m'kalasi amutumizira sikirinishoti ndipo bambo ake akhala pa mpando chiyambire mmawa osalankhula ndi munthu. Dzinalo ndinalichotsa mu mphindi zisanu, ndinalemba kupepesa pamwamba penipeni, ndinapita kukawaona, anandilandira bwino zimene zinandiwawanso kwambiri. Koma sikirinishoti sungaichotse, patatha chaka munthu wina ananditumizira yomwe ija akundifunsa ngati mkuluyo anamangidwa. Pakanakhala mkonzi akanangofunsa funso limodzi lokha, munthuyu akadali pa udindowu? Ine sindinadzifunse chifukwa nkhani inali itandilowa mmutu, ukaikonda nkhani yako mabowo ake suwaona.

Kondwani:
Zachisoni zedi a Mphatso. Koma tisapange ngati ukakhala ndi mkonzi ndiye kuti sulakwitsa. September 2004 wayilesi ya kanema ya CBS ku America ndi mtolankhani wake Dan Rather, anthu akuluakulu okhala ndi akonzi ndi maloya ambirimbiri, anaulutsa zikalata zoti zinalembedwa m'ma 1970 zonena za George W. Bush ali m'gulu la asilikali la Texas Air National Guard. Ndi olemba mabulogu amene anaona kuti zilembozo sizikuoneka ngati za taipi ya nthawi imeneyo, Charles Johnson wa bulogu ya Little Green Footballs analembanso kalata imodzi mu Microsoft Word nkuisanjika pamwamba pa ya CBS, zinagwirizana ndendende. CBS inavomera kuti singatsimikize zikalatazo, anthu anachotsedwa ntchito, Rather anasiya kuwerenga nkhani za madzulo mu March 2005. Mkonzi anali ndani pamenepo? Nanga Trent Lott, wandale wa ku America, December 2002 pa phwando la zaka 100 la wandale mnzake Strom Thurmond anayamikira kampeni ya Thurmond ya upulezidenti ya 1948 yomwe inali yoti azungu ndi akuda azikhala mosiyana, atolankhani ambiri anangoidutsa, olemba mabulogu ngati Josh Marshall anaikakamira tsiku ndi tsiku mpaka patatha masabata awiri Lott anatula pansi utsogoleri wa chipani chake mu Senate, nyumba ya malamulo ya kumeneko.

A Chisale:
A Kondwani mukunena zoona, zitsanzo zanuzo ife a m'manyuzipepa tinkazikamba nthawi imeneyo tili ndi manyazi. Koma taonani chimene Johnson anachita, sanalembe kuti ndikuganiza CBS ikunama, anaika umboni woti aliyense wokhala ndi kompyuta akanatha kuyesa yekha. Marshall yemwe mwamutchulayo mu 2007 anatsata nkhani ya maloya oimira boma pa milandu amene ankachotsedwa ntchito m'madera osiyanasiyana a America, owerenga ake ankamutumizira zimene nyuzi za kwawo zalemba iye nkumalumikiza chimodzichimodzi mpaka zinaoneka kuti si zongochitika, Alberto Gonzales mkulu wa zamalamulo m'boma la Bush anatula pansi udindo chaka chomwecho, Marshall analandira mphoto ya utolankhani ya George Polk Award. Eliot Higgins anayamba bulogu ya Brown Moses mu 2012 ali pakhomo ku Leicester ku England, kuonera mavidiyo a nkhondo ya ku Syria mazanamazana nkumazindikira zida, ndi kumene kunachokera Bellingcat, gulu lofufuza nkhani pa intaneti, mu 2014. Onsewa anapambana chifukwa ankatsimikiza kuposa ifeyo. Bulogu imakuchotsera munthu wokuletsa, ndi zabwino zimenezo ndipo ndikanakonda ikanakhalapo ndili mnyamata, koma munthu yemwe uja ndi amenenso ankakufunsa kuti wadziwa bwanji. Funso limenelo wina ayenera kulifunsabe, ngati kulibe ndiye ukamupeze.

Chikondi:
Ndilowepo pa mbali ya malamulo poti ndi imene ndimagwira. Tiyamike katenge kontirakiti yako uiwerenge usiku uno. M'malo ambiri chimene walemba uli pa ntchito, ndi galimoto ya kampani, ndi foni ya kampani, ndi dzina la kampani potsegulira zitseko, chimakhala cha kampaniyo olo asachisindikize. Si zachilendo, mu 2003 CNN inauza mtolankhani wake Kevin Sites kuti aimitse bulogu yomwe ankalemba ali ku Iraq. Chinanso, nkhani ikatuluka mu nyuzipepa wodandaula amasumira kampani ndipo loya amalipidwa ndi kampani. Pa bulogu wolemba ndiwe, mkonzi ndiwe, wosindikiza ndiwe, samani ikubwera ndi dzina lako. Ndipo wokusumira sachita kufunika kuwina, amangofuna uzipita ku khoti zaka zitatu mpaka utope. Gawker, tsamba la nkhani la ku America, inali kampani ya ndalama zake ndithu, koma mlandu umene Hulk Hogan anaisumira, womwe mpondamatiki Peter Thiel ankaulipirira mobisa, unathera pa chigamulo cha madola 140 miliyoni mu 2016, inagweratu. Choonadi chimakuteteza inde, koma m'mayiko ambiri woyenera kuchionetsa ndi iweyo, ndi mboni zolola kuima pamaso pa woweruza. Mwa anthu 7 aja angaime ndi angati?

Tiyamike:
Awiri mwina, amene anachoka kale pa ntchitopo. Enawo sindingawapemphe nkomwe.

Limbani:
Ndiye mwaonatu. Ndipo palibe amene wanena za ndalama, ntchito ikatha buloguyo izimulipira?

Mphatso:
Ayi siizimulipira, tisanamizane. Yanga zaka 6 zonsezi imangobweza ya domeni ndi ya seva. Chimene yandipatsa ndi china, akonzi amandipeza kudzera pamenepo nkundipatsa ntchito. Amene amadyeradi bulogu ndi oti anagwira mutu umodzi nkuukumba mpaka palibe wowaposa. Brian Krebs anachoka ku Washington Post mu 2009 nkutsegula KrebsOnSecurity yongokamba za akuba a pa intaneti, December 2013 ndi iye anayamba kuulula kuti kampani ya masitolo ya Target yaberedwa manambala a makadi a makasitomala, pafupifupi 40 miliyoni, kampaniyo inavomera mawa lake. Pano kuli Substack, malo olemberapo pa intaneti omwe anayamba 2017, owerenga amalipira wolemba mwezi ndi mwezi a Substack nkudulapo 10 peresenti, koma ambiri amene amapeza zenizeni kumeneko ndi oti anapita ndi dzina kale. Ndipo zimatopetsa, Andrew Sullivan anali ndi owerenga olipira masauzande ambiri koma mu 2015 anasiya patatha zaka pafupifupi 15 akulemba tsiku ndi tsiku, thupi linakana.
Koma Tiyamike ndaganiza china. Miyezi itatu imeneyi yakuphunzitsa za penshoni kuposa atolankhani ambiri amene ndikuwadziwa. Bwanji kabulogu kako kakhale ka zimenezo? Lemba mmene munthu angawerengere sitetimenti yake mzere ndi mzere, mmene angaifananizire ndi pepala la malipiro, akapeza kuti sizikugwirizana apite kuti, lamulo likuti chani. Sukutchula kampani, palibe angakusumire, koma amene akuberedwa adzizindikira okha ndipo akulembera. Ory Okolloh ku Kenya kumayambiriro kwa 2008 pa nthawi ya ziwawa za chisankho ankalemba pa Kenyan Pundit zimene owerenga ake ankamutumizira, zinachuluka mpaka yekha sakanatha, ndi mmene Ushahidi, tsamba losonkhanitsa malipoti a anthu pa mapu, inabadwira. Owerenga 200 amene nkhani ikuwakhudza amakubweretsera umboni umene wekha sukanaupeza.

Tiyamike:
A Mphatso maganizo amenewo ndawakonda ndipo ndichita. Ndikumva zonse zimene mukunena, koma ndikuuzeni chimene chikundidya. Mayi aja amandiimbira Lamlungu lililonse madzulo, sandikakamiza, amangoti "mwana wanga nkhani ija ili pati" ine nkumati ikubwera mayi. Tsiku limene tinakumana anatulutsa mapepala awo mu kajumbo ka pulasitiki, a zaka 14 onse atawasanja mwezi ndi mwezi nkuwamanga ndi labala, ena inki inafufutika kale moti tinkachita kuwayang'anitsa pa kuwala kwa windo. Akupuma pa ntchito chaka chamawa. Anandikhulupirira chifukwa ndinati ndine mtolankhani. Ndikangokhala chete ndikuona ngati ndagwirizana ndi amene anawabera.

Kondwani:
Ndi chimenechi ndikunena ine. Daphne Caruana Galizia ku Malta ankalemba pa bulogu yake ya Running Commentary zimene ena ankaopa kukhudza, za Panama Papers, zikalata zija zinaulula chuma chobisidwa kunja, ndi anthu a pafupi ndi nduna yaikulu. Akanati azidikira chilolezo cha munthu zambiri sizikanadziwika.

Anaphiri:
A Kondwani malizani nkhaniyo. Anamupha ndi bomba lotchera m'galimoto pa 16 October 2017 pafupi ndi nyumba yake, ali ndi milandu yoposa 40 ya kuipitsa mbiri ikumudikira ku khoti, ina inatsalira banja lake. Inde nduna yaikuluyo Joseph Muscat anachoka pa udindo mu January 2020, inde kafukufuku wa 2021 anapeza kuti boma liyenera kusenza udindo pa imfa yake, koma ana ake alibe mayi. Olemba mabulogu a Zone 9 ku Ethiopia anamangidwa April 2014 nkukhala mkati kupitirira chaka, Raif Badawi ku Saudi Arabia anagamulidwa zaka 10 ndi zikoti 1000 chifukwa cha zolemba. Anthu amenewa ndimawalemekeza kwambiri, nchifukwa chake sindifuna tiziwatchula pofuna kukankha mwana woti wangoyamba kumene ntchito kuti adine batani usiku uno, ife tili phee kuseri kwa mafoni athu. Daphne anali ndi zaka 30 pa utolankhani, ankadziwa chimene akulowamo ndipo anasankha yekha.

Kondwani:
Ndamva Anaphiri, mawu oti usiku uno ndawabweza, ndinafulumira. Koma oti nkhaniyi isafere mu dirowa sindibweza. Achemwali mukakonzeka ndikuthandizani kugula domeni yanuyanu, kuika pasiwedi yolimba ndi kakodi kobwera pa foni, ndi kuchotsa zobisika zija mu zithunzi, si ntchito yaitali.

A Chisale:
Tiyamike tamvera. Kuthamanga sikufika, komanso kukhala pansi sikuthandiza mayiwo. Lembera kampaniyo kalata, osati kwa mneneri yekha, kwa mkulu wake weniweni, mafunso asanu omveka bwino, uwapatse mpaka Lachisanu 12 koloko ndipo usunge umboni woti analandira. Anayi a zithunzi aja ukaone mapepala awo ndi maso ako, ndipo aliyense akatenge yekha sitetimenti yake ku penshoni, iwowo sangawakanize poti ndi zawo. Ukakhala ndi masitetimenti asanu onena chimodzimodzi bwerera kwa mkonzi wako, osati mwaukali, umuuze kuti mabowo ndatseka, ituluka liti, ngati siituluka ndiloleni ndiitengere kwina. Umulembere pa imelo kuti yankho likhale lolembedwa. Ndikuuze chinsinsi cha ife akonzi, wamantha nthawi zambiri mtima umamukhala pansi nkhani ikatulukira kwina, chifukwa ikatero naye atha kuitsatira nkuuza a malonda kuti aliyense walemba kale. Akakana zonse ziwiri ndiye tidzakhale pansi tikambe za bulogu, kapena zoipereka kwa mtolankhani wina amene kwawo alibe tsamba la malonda limenelo. Ndipo usanadine chilichonse unditumizire ndiiwerenge, ndidzakufunsa kuti wadziwa bwanji pa mzere uliwonse mpaka udzandikwiyire.

Chikondi:
A Chisale ndikugwirizana nazo koma kalatayo asaina ngati ndani? Akasaina ngati wa nyuzipepa mkonzi asakudziwa, kampaniyo iimbira mkonzi tsiku lomwelo ndipo mlandu ukhala wakusamvera, apezerapo mpata. Ayambe wauza mkonzi kuti ndikupitiriza kutseka mabowo, olo ndi mzere umodzi wa imelo.

Anaphiri:
Ndipo mafunsowo asakhale ndi zaka 14 kapena miyezi 8, wa zaka 14 wopuma chaka chamawa pa kampanipo mwina ndi mmodzi yekha. Afunse za antchito onse, kuti ndalama za penshoni anapereka komaliza liti ndipo angaonetse umboni wanji.

A Chisale:
Nonse awiri mwalondola, mwandikonza. Ayambire kwa mkonzi.

Yamikani:
Ine ndangokhala chete kukopera zonsezi mu kabuku. A Mphatso bambo aja munawapepesa pa bulogu pomwepo, nkhani yakaleyo munaisiya kapena munaichotsa yonse?

Mphatso:
Ndinaisiya, ndalama zinasowadi ndiye nkhaniyo inali yoona kupatula dzina. Ndinalemba pamwamba tsiku ndi nthawi imene ndakonza, chimene ndinalakwitsa, ndi kuti bambowo sizikuwakhudza. Ukangofufuta mwakachetechete amene ali ndi sikirinishoti amaona ngati wakuopseza kapena wakulipira, ndipo bambowo akanasowa poloza anthu kuti onani analakwitsa ndi iyeyo. Mpaka lero ili pompo.

Tiyamike:
Kontirakiti ndaipeza, ndime 11 ikuti sindingasindikize kwina chilichonse chimene ndafufuza pa ntchito popanda chilolezo cholembedwa, ndiye a Chikondi munanena zoona. Mawa 8 koloko ndimulembera mkonzi imelo ija. Zithunzi ndinakonza zija ndazifufuta mu laputopu. A Kondwani Loweruka ndikupezani za domeni, positi yoyamba ikhala ya kawerengedwe ka sitetimenti, imeneyonso ndipempha chilolezo kuti pasadzakhale chonena. Lamlungu mayi aja akaimba sindiwauzanso kuti ikubwera, ndiwauza kuti yaima, chifukwa chake, ndi kuti ndikufuna akatenge sitetimenti yatsopano limodzi ndi anzawo aja. A Chisale nditumize liti?

A Chisale:
Tumiza usiku uno mmene ililimo, mu Word osati PDF kuti ndizitha kulemba m'mbali. Uphatikize manotsi ako onse ndi mawu unajambula aja, mayina uwachotse uike A, B, C, D. Ndimayamba kuwerenga 5 koloko mmawa.